Basiketi Yofiira pa Mzere wa Shuga

Pakhomo pa a Cornelius Mbewe, m'mudzi wina kuseri kwa Msundwe, utsi unayamba kufuka Lachinayi m'mamawa. Mgolo waukulu unali pamafuwa, ndipo akazi awo, mayi Ursula Nankhoma, ankavundula phala la thobwa ndi mthiko wotalika ngati mtengo wothyolera mango. Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wawo woyamba, Tiyanjane. Akuchimuna ankachokera ku Nambuma, anthu oti akamwa thobwa lanu amalikamba mpaka pa ubatizo wa zidzukulu.

Thobwa la mayi Ursula linali ndi mbiri. Ku Parishi ya Namitete kukakhala chikondwerero, anthu ankayamba afunsa kuti la a Nankhoma lili mu mgolo uti asanatulutse makapu awo. Chimera anameretsa okha, mgaiwa unalipo, nkhuni zinali mulu. Chosowa chinali chimodzi: shuga. Chaka chimenecho shuga ankachita ngati mkamwini wothawa khasu. Aliyense ankati anamuona dzulo, koma panalibe womupeza lero. Eni magolosale a pa Msundwe, pa Mpingu mpaka pa Namitete anatopa n'kuyankha, anangolemba pa katoni kuti shuga palibe.

Chakumadzulo kunafika a Felix, mlongo wawo wa mayi Ursula, amene ankayendetsa minibasi pakati pa Namitete ndi m'tauni ya Lilongwe.

“Achemwali, ndaona ndi maso angawa lole ikutsitsa shuga kuseri kwa shopu yaikulu ija ya m'tauni,” anatero a Felix. “Mawa akangotsegula ayamba kugulitsa, munthu mmodzi mapaketi asanu. Wochedwa akanyambita matabwa.”

Mapaketi asanu anali okwanira mgolo wonse. Koma apite ndani? Mayi Ursula sakanasiya mgolo, poti Lachisanu ndiye linali tsiku lowiritsanso thobwa. Tiyanjane ankayenera kukhala ndi alangizi tsiku lonse. A Felix sakanasiya minibasi ya bwana pamsewu n'kukaima pa mzere. Apa a Cornelius anakhosomola.

“Nanga ine ndine chitsa pakhomo pano?”

Mayi Ursula anayang'ana mlongo wawo, mlongo wawo anayang'ana nkhuku.

Musaganize kuti a Cornelius anali munthu woipa. Mowa sankamwa, dzanja sankakwezera munthu, fodya wawo ankatuluka bwino, ndipo ku kwaya besi yawo inkanjenjemeretsa malata. Nthenda yawo inali maso. Maso awo ankatsogola, mwini wake n'kumatsatira pambuyo ngati mbuzi ya pachingwe. Tsiku lina anawatuma mchere pa msika wa Msundwe, anabwera ndi wezulo komanso kambira kamodzi m'thumba la jekete, ndiwo n'kudyedwa zosakolera.

Tiyanjane anabwera n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

“Ababa, shuga yekha. China chilichonse chilipo.”

“Mwana wanga, kodi shuga ndi nthata kuti ndingalephere kumuona? Kagone ndi mtima umodzi.”

M'mawa mwake a Cornelius anakhala kutsogolo kwa minibasi, jekete yakusitidwa, ndalama za fodya zili m'thumba la m'kati. Atadutsa pa Njewa a Felix anayamba ulaliki.

“Alamu, mukalowa musayang'ane kumanja, musayang'ane kumanzere. Muyende ngati mukupita kukalandira Ukalistia. Shuga ali kumapeto kwenikweni. Ndikupezani ku depoti thuu koloko.”

“Mukundilangiza ngati ndine mkwatibwi,” anaseka a Cornelius.

M'tauni anali atabwerapo kambirimbiri, koma ulendo wawo unkathera ku okushoni ya fodya ndi m'mashopu a feteleza. M'shopu yaikuluyo anali asanapondemo. Atafika pakhomo, chitseko chagalasi chinatseguka chokha, ndipo iwo, poti analeredwa bwino, anachiuza kuti zikomo. Mphepo yozizira inawalandira ngati ya kudambo m'mwezi wa Juni, pamene kunja Okutobala anali kuwotcha. Nyimbo yofewa inkatsika kudenga osaoneka woimba. Pansi pankanyezimira moti anaona nsapato zawo zikuyenda pamwamba pa nsapato zinzake. Fungo la buledi wotentha linawagwira pamphuno n'kuyamba kuwakoka, koma anakumbukira bondo la mwana wawo pa dothi, anatola basiketi yofiira pakhomopo, nalunjika kumapeto.

Shuga analipo, mulu wonga chulu, wosanjidwa pa matabwa. Mzere unaliponso, wopindapinda ngati njira ya linthumbu, kudutsa mashelefu a ufa mpaka kukafika kwa mafuta ophikira. A Cornelius anaima pambuyo pa mayi wina wonenepa, wachitenje cha Maria Woyera.

“Mwadzuka bwanji, mayi? Mzerewu ukuyenda?”

“Ukuyenda, bambo, koma ngati ukwati wokakamiza. Ine ndine Agnes, wa pa Njewa, ndimaphika mandasi. Inu?”

“Mbewe, wa ku Msundwe. Mawa ndikukwatitsa mwana.”

“Ndiye mugwire malo anuwo ndi mapazi onse awiri.”

A Cornelius anaima. Anawerenga maluwa a pa chitenje cha mayi Agnes mpaka kuwaloweza. Mzere unasuntha phazi limodzi. Kumanja kwawo kunali njira yaitali yowala, zinthu zofiira, zachikasu, zobiriwira zitandandalikidwa ngati maluwa a paguwa tsiku la Pasaka.

Tsono inu amene munakulira kumudzi mukudziwa lamulo la kuchigayo. Munthu saima pa mzere. Limaima ndi thumba. Ukafika umagoneka thumba lako pambuyo pa la mnzako, n'kupita kukacheza pansi pa mtengo, ndipo palibe angalidumphe. Pamjigo ndowa ndi imene imadikira, mwini wake ali kokawaula chinangwa. A Cornelius anakula ndi lamulo limenelo, ndipo kwa iwo linali lolimba ngati la Mose. Anaika basiketi yofiira pansi, pamalo penipeni pamene panali mapazi awo.

“Mayi, muziikankha ndi phazi mzere ukamayenda. Ndikungoona ichi chokha.”

“Bambo, kuno si kuchigayo,” anatero mayi Agnes. “Kuno basiketi ilibe dzina.”

“Mboni ndinu. Mphindi ziwiri.”

Anayamba ndi maapozi. Anali atawapanga mulu wosongoka, lililonse lopukutidwa ngati tsaya la mwana wopita ku ubatizo. A Cornelius ananyamula limodzi, nalinunkhiza, ndipo m'maganizo mwawo anaona Tiyanjane atakhala pamphasa mawa lake, mbale ya maapozi ili patsogolo pake, anthu a ku Nambuma akunong'onezana kuti mtsikanayu wachokera m'nyumba ya anthu. Poti basiketi inali pa ntchito, anatenga kangolo kamawaya kamene kanali pambali. Matayala ake ankayenda mosalala, osalira, moti sizinkadziwika kuti akukankha ndani pakati pa iwo ndi kangoloko.

Patsogolo pang'ono mayi wina wa kachipewa koyera anawatambasulira kachidutswa ka soseji kobayidwa pa kamtengo.

“Lawani, bwana. Ndi zaulere.”

Chibadwire panalibe amene anali atawatchulapo bwana kupatula ogula fodya a pamsewu akafuna kuwabera pa sikelo. Analawa. Anatseka maso. Anapempha kachiwiri kuti atsimikize, ndipo paketi ya soseji inalowa m'kangolo.

Kenako anapeza nsomba zogona pa madzi oundana, maso ali tong'o ngati nazonso zikudabwa mitengo. Anapeza sopo wa fungo la ndimu, wa fungo la maluwa, ndi wina wa fungo limene sanalidziwe koma linawakumbutsa sisitere wa Chizungu amene anawapatsa mendulo ali mu Sitandade 3. Anapeza shelefu yathunthu ya zakudya za agalu, anaima pamenepo nthawi ndithu akuganizira galu wawo Bwanali, amene moyo wake wonse ankadalira mkute ndi mwayi.

Pokhota anadutsa kumapeto kwa njira kumene mzere unkaonekera. Mayi Agnes anakweza mkono.

“Bambo a ku Msundwe, basiketi yanu aitola anthu a m'shopu. Bwerani, ndikulowetsani pano pomwe.”

A Cornelius anasuzumira mulu wa shuga. Unali udakali wofika m'chifuwa.

“Ndamva, mayi. Ichi chokha, ndikubwera.”

Chimene chinawagwira maso ulendo uno chinali mtedza. Mtedza womwewu, umene kwawo makoswe ankauchitira phwando m'nkhokwe, apa unali utavala pepala lonyezimira, utakazingidwa, uli ndi chithunzi cha mzungu womwetulira. Anagwira paketiyo ndi manja awiri. Pang'onopang'ono nkhope ya mzunguyo inafufutika, m'malo mwake munabwera nkhope yawo, atavala tayi, pansi pake palembedwa kuti Mtedza wa Mbewe. Anaona malole akutembenukira pakhomo pawo, mayi Ursula atakhala pakhonde la nyumba ya njerwa zootcha akupeta mtedza ndi lichero la siliva, a Felix akuwatsegulira chitseko cha galimoto n'kumati, “Alamu, tilowere kuti lero?” Nyimbo ya kudenga ija inkawayankha ngati kwaya.

Muyenera kudziwa kuti m'shopu zoterezi mulibe dzuwa. Mlimi amadziwa nthawi poyang'ana chithunzithunzi chake, ndipo m'menemo magetsi anali atawalanda chithunzithunzicho. M'mawa ndi masana zinali chimodzimodzi. Amene anamanga nyumba imeneyo sanali wopusa. Anadziwa kuti munthu wosaona dzuwa sakumbukira kwawo.

Kumapeto kwa njira ina anakumana ndi mpando. Unali wa nsalu yobiriwira, wa miyendo yopyapyala yachitsulo, wopinda ngati ambulera, ndipo pa mkono wake panali kathumba koikamo kapu. A Cornelius anakhalapo kuti angouyesa. Msana umene unawerama m'mizere ya fodya zaka makumi atatu unapeza mnzake. Anadziona mawa lake atakhala pansi pa mtengo wa mango, mwendo pamwamba pa unzake, kapu ya thobwa ili m'kathumba, pamene amuna ena onse akukanikizana pa mabenchi obwereka ku tchalitchi. Zaka makumi awiri ndi zisanu anali mkamwini m'mudzi wa akazi awo, ndipo pa misonkhano ankakhala kumapeto kwa benchi, kumene kumanyamuka wina akaimirira. Mawa anthu adzaona kuti bambo wa mkwatibwi ndi ndani. Zikope zinalemera. Mphepo yozizira inkawasisita pamphumi.

Nyimbo inadukiza. Kudenga kunamveka mawu a mzimayi, aulemu ngati a namwino.

“Makasitomala athu okondedwa, tikukudziwitsani kuti shuga watha. Zikomo pogula nafe.”

A Cornelius anadzambatuka. Anathamanga ndi kangolo kawo, mpando uli pamwamba, koma chulu chija chinali chitasanduka bwalo. Panatsala matabwa okha, ndi bambo wina wa yunifolomu akusesa timibulu toyera timene tinatayika.

“Achimwene, malo anga anali apa. Ndinasiya basiketi.”

Wosesayo analoza pakhomo, pamene mabasiketi ofiira anali atasanjikizana mpaka m'chiuno, onse ofanana ngati mazira.

“Yanu ndi iti pamenepo, madala?”

“Kuseri kulibe wina wotsala? Mawa ndi chinkhoswe cha mwana wanga.”

“Aliyense lero ali ndi chinkhoswe. Yesani sabata yamawa.”

Mayi Agnes anawapeza polipirira, mapaketi awo asanu atawakumbatira ngati mapasa.

“Mayi, mwa chifundo cha Maria amene mwavalayo, ndigaireni awiri okha.”

“Bambo, ndinakuitanani. Ndinakusungirani malo mpaka anthu ananditukwana. Shugayu ndi mandasi a masabata awiri, ndipo ana anga amadya mandasi amenewo akagulidwa.” Anasuzumira m'kangolo mwawo. “Koma mpando wokha mwasankha wabwino.”

Munthu wanzeru akanasiya kangoloko pomwepo n'kuthamangira kwina. Koma a Cornelius anali ataima pafupi ndi mafiriji, ndipo maso awo, amene sanamve manyazi ngati mwini wake, anagwera pa zigubu za ayisikilimu wa pinki. Anafunsa wogulitsa ngati ndi wozuna. Anati kwambiri. Nzeru inawabwerera ngati mphezi: chozuna ndi chozuna, ndipo shuga amene ali m'kati mwa chinthu ndi shuga ndithu. Anagula zigubu ziwiri zazikulu, maapozi, soseji ndi mpando. Mtedza wokha anaubweza, poti panali pamene nzeru inawatsalira.

Kunja dzuwa linali litapendeka kale. Anayenda m'mashopu onse a pakati pa tauni, mpando paphewa, jumbo m'manja, kuwoloka mlatho, kulowa kwa amwenye, kutuluka, kulowa kwina. Paliponse katoni yomwe ija inali itawatsogolera: shuga palibe. Wa sitolo wina anawauza kuti akanabwera m'mawa kunali shuga ku shopu yaikulu ija.

Ku depoti a Felix anayang'ana mpando, anayang'ana jumbo, nayang'ana mlamu wawo.

“Alamu, shuga ali kuti?”

“Ali m'kati mwa izi.”

A Felix anangoliza injini. Pofika pa Chitedze jumbo inayamba kudontha. Pofika pa Mpingu kamtsinje ka pinki kanali katayenda pansi pa mipando mpaka kukanyowetsa thumba la usipa la mayi wina, amene anawauza a Cornelius mawu oti sindingawalembe pano.

Mayi Ursula anawalandira pafupi ndi mgolo, thobwa litawira kale, likungodikira chinthu chimodzi. Anatsegula chigubu, anayang'ana madzi a pinki a thovu, ananunkhiza, natseka bwinobwino.

“Bambo a Tiya, izi mukazithira mu mgolo wanga, mukagona kwanu ku Kasiya.”

“Mayi a Tiya, mukanaona m'mene muliri m'shopumo…”

“Ndaona. Mwabwera namo.”

Mayi Ursula anamanga chitenje, natenga kapu, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Mayi amene mudzi wonse unkabwera kudzaphunzira thobwa kwa iwo anapempha shuga wa pa supuni. Uyu anakhuthula wa mwana wodwala, uyu anagwedeza kachitini, uyu anangopepesa. Pobwera kapuyo inali yosadzaza. Anaithira mu mgolo, ndipo inasowa ngati dontho la mkaka m'chitsime.

Loweruka kunacha bwino. A ku Nambuma anafika pa lole ziwiri, akuimba. A Felix, monga nkhoswe ya kuchikazi, analandira tambala n'kupereka msoti, nthungululu zinalira, ndipo Tiyanjane atavundukulidwa chitenje anawala moti ngakhale apongozi ake anamwetulira. A Cornelius anatambasula mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, padera pang'ono kuti uoneke. Ana anauzungulira. Amuna a pa mabenchi anauyang'ana m'mbali. Kwa kanthawi zonse zinali monga momwe anazionera m'shopu muja.

Kenako ndowa za thobwa zinatuluka.

Kapu yoyamba inapita kwa mayi Elizabeti, azakhali a mkwati, amene lilime lawo linkadziwika kuyambira ku Nambuma mpaka ku Kabudula. Anamwa kamodzi. Anasunga thobwalo m'kamwa, akuyang'ana kumwamba ngati akufunafuna chinthu chotayika, kenako anameza.

“Asebere,” mayi Elizabeti anaitana mayi Ursula mokoma, koma mokweza kuti amve ndi a kumbuyo, “ili ndi thobwa lotchuka lija, eti? Mwatiganizira. Adokotala anatiletsadi zozuna.”

Anaika kapuyo pansi, pafupi ndi phazi. Anthu a ku Nambuma, mmodzimmodzi, anaika makapu awo pansi. Panalibe amene anaseka mokweza, ndipo zimenezo ndi zimene zinawawa kwambiri. Mayi Ursula anaimirira ndi chipande m'manja, nkhope ili gwa, ngati munthu amene akumva dzina lake likuyikidwa m'manda iye ali moyo.

Tiyanjane anadzuka pamphasa, natunga kapu yodzaza, n'kubwera nayo kwa bambo ake. Anagwada monga anagwadira Lachinayi. Maso ake anali onyowa, koma mawu sananjenjemere.

“Imwani, ababa. Ndinakupemphani chimodzi chokha.”

Anaika kapuyo m'kathumba ka pa mkono wa mpando, nabwerera kwa mwamuna wake.

A Cornelius anafuna pobisala, koma munthu amene wadzipatula pa mpando wobiriwira alibe pobisala. Anatsamira kumbuyo kuti mthunzi wa mango uwaphimbe nkhope. Mpando uja anaupangira pansi posalala pa m'tauni, osati dothi la ku Msundwe limene amayi anali atawaza madzi m'mawa. Miyendo yakumbuyo inamira, nsalu inapindika, ndipo bambo wa mkwatibwi anapita chagada, nsapato kumwamba, thobwa lonse lili pa jekete.

Apa ndiye anthu anapeza poseka, ndipo anaseka za thobwa zomwe. A Cornelius sanafulumire kudzuka. Anagona pomwepo akuyang'ana masamba a mango ndi thambo la Okutobala, dzuwa lili pamalo pake, likunena nthawi bwinobwino kwa aliyense wofuna kuliyang'ana. Dontho la thobwa linatsetserekera pa mlomo wawo. Analilawa. Linali losazuna.

Ukwatiwo ulipo mpaka lero, ndipo Tiyanjane ali ndi ana awiri. Koma ku Nambuma mayi akalawa tiyi wosakolera amafunsa ngati waphikidwa ku Msundwe, ndipo ku parishi anthu anasiya kufunsa kuti la a Nankhoma lili mu mgolo uti. Mpando uja imaikirapo mazira nkhuku yamawangamawanga. A Cornelius akatumidwa mchere masiku ano amapita, koma mayi Ursula amakhala ataika kale wina pambali. Akuluakulu sananame pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.